Anthu ongodzipereka pa zaumoyo akuthawa ntchito: kodi bizinesi ingawasunge?

Funso: "Ndine mayi, mlangizi wa zaumoyo pachipatala china chaching'ono cha kumudzi m'boma la Ntchisi. Ndimayang'anira alangizi anzanga komanso anthu ongodzipereka a m'midzi yotizungulira. Bungwe lomwe linkawapatsa kangachepe pamwezi linatseka pulojekiti, ndipo chitsekereni anthu akungochoka mmodzimmodzi. Ena apita kukagwira maganyu, ena angosiya kubwera kusikelo. Ana a m'dera lino omwe ali ku Joni, pamodzi ndi mpingo wina, asonkha K3 miliyoni kuti tiwayambitsire mabizinesi. Ena akuti tigule chigayo, ena akuti tingogawana aliyense aone chochita, ena akuti titsegule kagolosale ka mankhwala poti zaumoyo timazidziwa. Ine mutu waima. Ndiyambire pati kuti ndalamayi isatidanitse?"

Yankho: Amayi, mtima ukhale m'malo. Zomwe zikuchitika kwanuko sizikusonyeza kuti mwalephera kutsogolera, kapena kuti anthu anu ndi aulesi. Munthu amene amayenda khomo ndi khomo kulondola amayi oyembekezera, kukumbutsa za katemera ndi kugawa klorini nthawi ya kolera, naye ali ndi ana ofuna nsima ndi fizi. Kangachepe kaja kakaleka, amatsala ndi kusankha pakati pa sikelo ndi ganyu, ndipo akasankha ganyu sitingamunene. Chiyambireni 2025, pomwe boma la America linaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID, madera ambiri m'dziko muno akumana ndi zomwezi. Inu mwachita bwino kufunsa ndalama zisanagawidwe, chifukwa ambiri amabwera kudzafunsa nzeru mpamba utatha kale, anthu sakupatsananso moni.

Poyamba gwirizanani cholinga cha ndalamayi. Omwe asonkha sakufuna kuti m'mudzi muchuluke ochita geni. Akufuna kuti mwana akatentha thupi usiku pakhale munthu wodziwa wothamangirako. Ndiye bizinesi iliyonse yomwe wina angatchule muiyeze ndi mafunso awiri: idya nthawi yochuluka bwanji ya munthuyu, nanga anthu a m'mudzi apitiriza kumukhulupirira? Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ndi magulu a kumudzi, ndaona bizinesi ikuyenda bwino kwambiri koma ntchito ya zaumoyo n'kufa, chifukwa munthu amene ankadziwa nyumba iliyonse yokhala ndi wakhanda tsopano amakhala pamsika m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Phindu lilipo, koma cholinga chatayika.

Ndi mafunso amenewa, za golosale ya mankhwala zichotseni lero lomwe. Kugulitsa mankhwala kumafuna chiphaso cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo kudziwa kuyeza malungo sikupatsa munthu chilolezo chimenecho. Koma ngakhale lamulo likanalola, taganizani za kiliniki ya m'mudzi. Chiyambire 2008, alangizi a m'madera ovuta kufikako amapereka mankhwala monga LA wa malungo, amoxicillin, zinc ndi Thanzi ORS kwa ana osapitirira zaka zisanu, onse aulere. Tsiku lomwe LA watha m'bokosi la boma koma akupezeka pagolosale ya gulu lanu, mudzi wonse udzati mwaba, ngakhale mutagula ndi ndalama zanu n'kusunga malisiti. Mayi amene wanena zimenezo pamjigo sadzabweranso ndi mwana wake msanga. Palinso yesero lenileni: wogulitsa amafuna katundu atuluke, choncho amayamba kupereka makapusozi awiri atatu kwa aliyense wa chimfine, ndipo ndi momwe mankhwala amalekera kugwira ntchito m'matupi mwa anthu.

Chigayo chimakopa chifukwa chimaoneka ndi maso ndipo osonkha akhoza kuchijambula. Koma kuwonjezera pa makina pamafunika nyumba, magetsi kapena dizilo, woyendetsa wolipidwa, masefa ndi malamba omwe amatha pafupipafupi. Ndalama mwatchulayi ikhoza kuthera pa kugula, osatsala ya tsiku lomwe injini idzafe. Ndipo chinthu cha gulu chomwe ndalama yake imalowa tsiku ndi tsiku m'manja mwa munthu mmodzi sichichedwa kubala manong'onong'o. Kugawana nakonso ndi njira yachidule yothetsera ndalama. Mukagawa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zili mbee, ndalamayo igula chimanga, ndipo munthu sanalakwe. Pofika Epulo mudzakhala pomwe munaliri.

Musanafike pa bizinesi, siyanitsani anthu anu. Alangizi a zaumoyo muli pamalipiro a boma. N'zoona kuti ndi ochepa, ndipo ambiri mumasamalira anthu oposa 1,000 omwe ndondomeko ya boma imafuna pa mlangizi mmodzi, komabe mwezi ukatha kanthu kamalowa. Ongodzipereka alibe kalikonse. Mpambawu ukhale wa iwowo. Inu ndi alangizi anzanu mukafuna kusunga ndalama, yambitsani gulu lanu padera. Ndikunena izi molimba chifukwa woyang'anira akakongola m'thumba la anthu omwe amawayang'anira, palibe angalimbe mtima kukamutchinga pakhomo akachedwa kubweza, ndipo iyenso sangadzudzule msungichuma amene sanabweretse lipoti la mwezi. Inunso musasunge ndalamayi, angakhale usiku umodzi, angakhale pa foni yanu. Udindo wanu ndi kulumikiza anthu ndi kuonetsetsa kuti ntchito ya zaumoyo ikuyenda.

Poyambira penipeni ndi banki m'khonde, ndipo iyambe ndi ndalama za eni ake, K3 miliyoni ija isanalowepo. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno kwathu yazika mizu moti mwina theka la anthu anu ali kale m'magulu otere. Gulu likhale la anthu 15 mpaka 25. Ngati ongodzipereka anu ndi ochuluka, kapena midzi yawo ndi yotalikirana, apange magulu awiri kapena atatu potengera komwe amakhala, kuti munthu asamayende maola awiri kukagula sheya. Adzisankhire okha wapampando, mlembi, msungichuma ndi owerenga ndalama awiri. Bokosi likhale la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana omwe sasunga bokosilo, ndipo lizitsegulidwa pamaso pa onse. Aliyense azigula masheya kuyambira imodzi mpaka zisanu pamsonkhano, ngongole isapitirire katatu pa zomwe wasunga, ndipo pakhale kathumba ka zadzidzidzi ka matenda ndi maliro kosabwereketsa pa geni.

Chifukwa chodikirira n'chakuti ndalama ikadziwika kuti ndi ya bungwe kapena ya a ku Joni, anthu amaiona ngati yopanda mwini. Wobwereka amati, kodi ndabera ndani? Koma ngati m'bokosi muli K2,000 ya mnzake yomwe anaipeza atagulitsa nkhuku, manyazi amamugwira. Miyezi itatu kapena inayi ya kusunga ndi kubwereketsana zawozawo ikuonetsani amene amasunga nthawi, amene amabweza, ndi mlembi amene amalembadi. Osonkha aja auzeni zimenezi poyera, chifukwa adzafuna kuona zipatso msanga, ndipo mukangokhala chete adzaganiza kuti ndalama yadyedwa.

M'miyezi yodikirayo ndalama ikhale ku akaunti ya gulu kubanki, osayinira atatu: awiri ochokera mwa ongodzipereka, mmodzi wa komiti yoyendetsa chipatala. Koma isagone nthawi yaitali. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwaona nokha momwe mitengo imathamangira. Ndalama yogula mbuzi khumi lero mwina idzagula zisanu ndi ziwiri chaka chamawa. N'chifukwa chake ndingakonde kuti gawo lalikulu lisanduke katundu wooneka, lotsalalo lilowe m'magulu pang'onopang'ono ngati thumba la mpamba, lolembedwa m'buku lake, losagawidwa pakutha pa chaka. Zogawana zikhale masheya a eni ake ndi chiwongoladzanja, mpamba wa osonkha utsale wa chaka chinacho.

Pa katundu wooneka, mbuzi zopatsirana ndimazikhulupirira kwambiri pa anthu ngati anuwa, chifukwa sizimanga munthu tsiku lonse. Ana kapena a pabanja akhoza kuzimangirira iye ali kusikelo. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndiye pakutha pa chaka ana oyamba amakhala akuoneka. Olandira oyamba amapereka ana aakazi kwa otsatira, ndipo mndandanda wa otsatirawo ulembedwe tsiku loyamba, mfumu ili pomwepo, makamaka pochita mayere kuti pasakhale zoti uyu ndi m'bale wa mlangizi. Munthu asalandire mbuzi asanamange khola la m'mwamba, ndipo pogula pitani ndi mlangizi wa ziweto, chifukwa mbuzi ya pamsika yotchipa nthawi zina imabwera ndi matenda. Gwirizananinso za mbuzi yofa kapena yobedwa: ndani akatsimikize, ndipo wolandirayo abweza bwanji. Nkhuku zachikuda nazonso n'zabwino ndipo zimabweza msanga, bola katemera wa chitopa asaphonyedwe. Popanda katemerayo khola lonse limatha sabata imodzi.

Kwanu ku Ntchisi kuli soya ndi mtedza. Kugula pokolola, mitengo ili pansi, n'kudzagulitsa pambuyo pake ndi geni yofuna masiku ochepa pachaka, ndipo gulu likhoza kuchitira pamodzi. Kuopsa kwake kuli pa kusunga ndi pa mtengo. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo anthu ophunzitsa za umoyo sangagulitse mtedza wachuku. Mtengo nawo chaka china sukwera monga mumayembekezera, choncho musaikepo mpamba wonse. Dimba la masamba m'chilimwe, kutchajitsa mafoni ndi sola pakhomo, kuweta njuchi komwe kuli mitengo, zonsezi zimasiyira munthu mpata. Zomwe ndingakane ndi monga kukhala ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, kabaza, kapena okala yoti mwini wake akhalemo yekha, pokhapokha pali wa pabanja wokhalapo. Onaninso kuti onse asathamangire chinthu chimodzi. Anthu khumi okazinga mandasi pamsika umodzi amangolandana makasitomala omwewo. Ndiponso munthu mmodzi asagwire zitatu nthawi imodzi, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali mabizinesi oyenda limodzi ndi uthenga wa zaumoyo: sopo, chitetezo mbaula, masilabu a zimbudzi, mapadi osoka ochapa. Amakoma chifukwa munthu akamalowa m'makomo amakhala akugwira ntchito ziwiri ulendo umodzi. Komabe samalani malire ake. Ngati mfumu yalamula chindapusa kwa aliyense wopanda chimbudzi chabwino, ndipo wolemba maina a opanda zimbudzi ndi yemweyo wogulitsa masilabu, anthu adzati akuwaopseza kuti agule. Lamulo likhale loti uphungu ndi waulere kwa aliyense, wogula ndi wosagula, ndipo patsiku la sikelo kapena la katemera pasamakhale malonda pa tebulo la ntchito. Sopo kapena chakudya chopakira chikayamba kupita m'magolosale, funsani a Malawi Bureau of Standards za chiphaso.

Ikani kalendala patsogolo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo malungo amachuluka, kutsegula m'mimba ndi kolera zimabuka, kumunda kuli ntchito, m'nyumba muli njala. Mukukumbukira momwe kolera ya 2022 ndi 2023 inafunira anthu oyenda m'makomo tsiku lililonse. Imeneyi ndi nyengo yomwe mudzi umawafuna kwambiri anthu anu, komanso ndi yomwe amakokedwa kwambiri ndi ganyu. Ndiye konzani kuti kugawana kwa banki m'khonde kuzichitika cha mu Okutobala kapena Novembala, munthu agule feteleza, mbewu ndi thumba la chimanga la m'tsogolo. Ngongole zikuluzikulu zizituluka m'chilimwe. Munthu amene ali ndi ufa mu Febuluwale ndi amene adzabwere kusikelo.

Nanga mungamangirire bwanji thandizoli ku ntchito ya zaumoyo? Lembani m'malamulo a gulu kuti thumba la mpamba ndi mbuzi ndi za omwe akugwira ntchito: kupezeka pamasiku a sikelo, kuyendera makomo awo, kubweretsa lipoti. Wosiya ntchito mwadala amatenga masheya ake nthawi yogawana, poti ndi thukuta lake, koma sabwerekanso m'thumba la mpamba. Wodwala, woyembekezera kapena woferedwa asalangidwe. Kaundula wa opezeka azisungidwa ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, osati inu nokha, kuti chilango chisamaoneke ngati chidani chanu. Chinthu chaching'ono chothandiza kwambiri ndi kuika msonkhano wa banki tsiku lomwelo la msonkhano wa malipoti, malipoti poyamba, bokosi pambuyo. Muona kuti ojomba achepa. Pa phindu la thumba la mpamba patulani kagawo kokonzera njinga ndi kugula mayunitsi. Tayala likaphulika ndipo palibe yogulira chubu, midzi ya kutali imakhala mwezi osaona munthu.

Zoopsa zenizeni za banki m'khonde mukuzidziwa, koma ndizitchule. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi pofuna kudzagawana zambiri. Pa geni ya tomato kapena nkhuku chimenecho n'cholemera, ndipo chimakankhira munthu kukabwereka ku gulu lina kapena kwa a katapila kuti abweze kuno. Mapeto ake ndi kulandidwa malata ndi ziwiya, ena mpaka kuthawa pamudzi. Pa thumba la mpamba ikani chotsika, ndipo musakakamize aliyense kubwereka. Funsani poyera ngati munthu ali m'magulu ena ndiponso ali ndi ngongole zingati. Ambiri mwa ongodzipereka ndi amayi, ndipo kawirikawiri mayi amasayinira ngongole koma ndalama amatenga ndi bambo. Itanani amuna awo ku msonkhano woyamba amve okha cholinga ndi malamulo. Ndaona mabanja omwe bambo ankaletsa mkazi wake ntchito yopanda malipiro akusintha maganizo mbuzi italowa m'khola.

Musasenze nokha. Mkulu wa chipatala chanu ndi komiti yoyendetsa chipatala adziwe ndalama isanasunthe. Mafumu ndi makomiti a chitukuko, ya m'mudzi (VDC) ndi ya dera (ADC), amve kuchokera kwa inu, osati mphekesera. Ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuli woyang'anira zaumoyo wa m'madera. Mulembereni kalata, chifukwa inu ndinu wantchito wa boma ndipo nkhani ya ndalama ikadzavuta mudzafuna umboni woti akuluakulu ankadziwa. Kuphunzitsa banki m'khonde ndi kasamalidwe ka geni si ntchito yanu: ku khonsolo kuli alangizi a chitukuko cha m'madera omwe amachita zimenezi, ndipo a zaulimi ndi a ziweto ali ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA). Funsaninso ngati pali bungwe lina lomwe likuthandiza kale anthu omwewa, kuti wina asalandire kawiri wina osalandira konse. Osonkha aja muziwatumizira chithunzi cha tsamba la buku la ndalama pa WhatsApp mwezi uliwonse, ngakhale mwezi womwe zinthu sizinayende.

Za ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama, dikirani kaye mpaka gulu litagawana kamodzi kapena kawiri popanda mkangano. Ngongole ya gulu imamanga onse: mmodzi akathawa, otsala amalipira, ndipo gulu la zaumoyo limatha pamodzi ndi la ndalama. Akakhwima, a COMSIP, bungwe lothandiza magulu osunga ndalama, kapena ofesi ya zamalonda ya pakhonsolo akhoza kuwatsogolera kukhala kopaletivi yolembetsedwa.

Thamangirani thandizo msanga mukaona izi: bokosi latsegulidwa gulu palibe, msungichuma akuzemba kubweretsa buku, anthu angapo apitirira miyezi iwiri osabweza, kapena malipoti ndi maulendo a m'makomo ayamba kuchepa pomwe geni ikukula. Itanani mlangizi wa chitukuko adzawerengere buku pamaso pa onse. Ndalama ikasowa, yambani kwa mfumu ndi komiti, koma ngati ndi kuba koonekeratu pitani kupolisi, osabisa poopa manyazi. Mukamva kuti wina akugulitsa mankhwala a boma kapena kulipiritsa odwala, imeneyo si nkhani ya gulu, ipite kwa mkulu wa chipatala tsiku lomwelo. Ndipo munthu amene wapanikizika ndi ngongole mpaka kuleka kudya, kudzipatula kapena kulankhula zofuna kudzipha, musamusiye yekha. Mutengereni kuchipatala ndipo gulu limupepuzire kabwezedwe.

Chomwe chimandiwawa pa nkhani zoterezi n'chakuti mbuzi ndi banki m'khonde si malipiro. Mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo oti ogwira ntchito zaumoyo m'madera azilipidwa molingana ndi ntchito, nthawi ndi maphunziro awo. Anthu anu akugwira ntchito ya dziko, choncho pitirizani kutula nkhani ya malipiro awo ku ADC, kwa khansala ndi ku ofesi ya zaumoyo, muli ndi manambala m'manja: makomo angati ayenderedwa, ana angati apezeka ndi kunyentchera msanga, amayi angati akachirira kuchipatala. Pakali pano chepetsani katundu wawo. Munthu wosalipidwa asapatsidwe makomo ochuluka moti n'kumugwira sabata yonse.

Sabata ikubwerayi itanani onse, ndi omwe anasiya omwe. Afunseni mmodzimmodzi chomwe chinawachotsa, geni yomwe anachitapo kale, ndi masiku angati pasabata omwe angapereke ku zaumoyo popanda banja kuvutika. Lembani mayankhowo, ndipo msonkhano wachiwiri mukhale ndi mlangizi wa chitukuko ndi mfumu kuti mulembe malamulo a gulu.